Pempho la maloboti pa mphambano ya pamsika mu M2 ku Mulanje: lipoti la kauniuni

Lipotili likutsata pempho limodzi loika maloboti, kuyambira pa kalata mpaka pa chigamulo. Mphambano yake sitiitchula dzina, ndipo manambala a kuwerenga ndi ophunzitsira, osankhidwa kuti afanane ndi zimene zimaoneka m'misika ya mu M2 pakati pa Luchenza ndi Muloza. Miyeso yochokera m'mabuku, yosonyeza ngati mphambano ikuyenera maloboti, ndi masamu ake ndi zenizeni, ndipo aliyense akhoza kuzibwereza pa mphambano yakwawo.

Pempho ndi malo ake

Kalata inachokera ku komiti ya chitukuko ya m'dera kudzera kukhonsolo. Madandaulo anali atatu: tsiku lamsika galimoto yochokera m'msewu wa kumbali imakhalitsa isanalowe mu M2, ana asukulu amawoloka chothamanga, ndipo pachitika ngozi zingapo. Kalatayo inatha ndi kupempha maloboti ngati a mu Blantyre. Popeza M2 ndi msewu waukulu, chigamulo chimakhala m'manja mwa Roads Authority, osati khonsolo yokha.

Mphambanoyi ndi ya nthambi zitatu, yooneka ngati T. M2 ili ndi leni imodzi mbali iliyonse, tala wake mamita 7, kuphatikizapo mita imodzi m'mphepete monse muwiri, ndiye woyenda pansi amadula mamita 9. Msewu wa kumbali umachokera kumidzi ndi kumaesiteti a tiyi, ndipo pakamwa pake pali chikwangwani cha STOP chimene penti yake inafufuta. Dalaivala akaima pamenepo n'kuyang'ana kumanja, M2 imabwera motsetsereka, kutsika mamita 4 pa mamita 100 alionse. Pangodya yomweyo ya kumanjayo ndi pamene maminibasi amapakilira anthu, akabaza ataimika njinga kumbuyo kwawo, amayi a nanazi ndi nthochi atayala m'mphepete mwa tala.

Kawerengedwe

Kuwerenga kunachitika maola 12, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 madzulo, masiku awiri wamba ndi tsiku limodzi lamsika, sukulu zili zotsegula. Sabata ya malipiro, tsiku la msonkhano wandale kapena la maliro aakulu siziyenera, chifukwa zimapereka chithunzi cholakwika. Kuno pali chinanso: nyengo ya mvula, pamene tiyi akuthyoledwa kwambiri, mathirakitala okoka ngolo za masamba amachuluka, ndiye lipoti liyenera kunena mwezi umene anawerenga.

Pa mphambano ya T magalimoto amayenda njira zisanu ndi imodzi, ndipo njira iliyonse imakhala ndi danga lakelake pa fomu, yogawidwa m'mphindi 15. Munthu mmodzi asapatsidwe njira zoposa ziwiri. Akapatsidwa zitatu, pofika 10 koloko amakhala akungolosera. Fomu ilembedwe ndi pensulo, chifukwa inki ikakumana ndi mvula ya ku Mulanje ntchito ya tsiku lonse yapita. Cholakwika chachikulu chimakhala pa akabaza: wanjinga yamoto amene akungozungulira pamphambano kusaka kasitomala amatha kulembedwa katatu, ndipo nambala imatupa. Owerenga anauzidwa kulemba yekhayo amene wadutsa n'kupitirira.

Mabuku a miyeso analembedwera misewu yopanda kabaza, choncho timasandutsa zonse kukhala muyeso wa galimoto yaing'ono. Pano njinga yamoto inawerengedwa ngati theka, lole kapena basi ngati 2.5, thirakitala ya ngolo ngati 3. Njinga zakapalasa ndi oyenda pansi zinalembedwa padera. Zotsatira za tsiku wamba: pa ola lotanganidwa kwambiri M2 inanyamula 540 mbali zonse ziwiri, msewu wa kumbali unatulutsa 128. Pa ola lachisanu ndi chitatu potsata kuchuluka, M2 inali ndi 365, wa kumbali 82.

Liwiro linayezedwa ndi wotchi, pakati pa zizindikiro ziwiri zotalikirana mamita 50, pa magalimoto 100 oyenda momasuka mbali iliyonse. Galimoto ya pa 50 km pa ola imatenga masekondi 3.6, ya pa 67 imatenga 2.7. Woyeza asavale jekete yonyezimira. Madalaivala akangoiona amayesa atrafiki, amayamba kuthwanimitsirana malaiti, ndipo msewu wonse umakhala waulemu kwa ola lathunthu. Chimene timafuna ndi liwiro limene madalaivala 85 pa 100 saliposa, ndipo kumbali yotsetsereka linapezeka 67 km pa ola, pamalo a chikwangwani cha 50.

Muyeso wa kuchuluka kwa magalimoto

Buku la ku America la Manual on Uniform Traffic Control Devices, lotuluka mu 2009, lili ndi miyeso isanu ndi inayi. Woyamba ndiwo umagwira ntchito kwambiri, ndipo umafuna kuti manambala akwane kwa maola 8 pa tsiku wamba. Pa misewu ya leni imodzi, mbali yake yoyamba imafuna magalimoto 500 pa ola mu msewu waukulu ndi 150 mu wa kumbali pa maola omwewo. Mbali yachiwiri ndi ya pamene msewu waukulu wadzaza mwakuti wa kumbali sakupeza mpata: 750 ndi 75. Ngati liwiro lija liposa mamailosi 40 pa ola, amene ndi pafupifupi 64 km, kapena malowo ndi tauni yapayokha ya anthu osakwana 10,000, manambalawa amatsitsidwa kufika pa 70 peresenti: 350 ndi 105, kapena 525 ndi 53.

Popeza liwiro linali 67, tinagwiritsa ntchito manambala otsitsidwawo, amene amakomera wopempha. M2 inaposa 350 kwa maola 8, koma msewu wa kumbali unafika 105 kwa maola atatu okha. Pa mbali yachiwiri, wa kumbali unaposa 53 pafupifupi tsiku lonse, koma M2 inafika 525 kwa ola limodzi. Muyeso sunakwane. Sizololedwa kutenga theka la mbali yoyamba n'kulumikiza ndi theka la yachiwiri, ngakhale m'misonkhano amapezeka wofuna kutero.

Miyeso ina iwiri sinafune nthawi. Palibe maloboti ena pafupi oti n'kugwirizanitsa nawo, ndipo njanji, imene imadutsa ku Luchenza, ili kutali ndi pano.

Muyeso wa mzere wa odikira

Kwa ife muyeso wothandiza kwambiri ndi wa m'buku la zizindikiro za pamsewu la ku South Africa, gawo lachitatu, chifukwa suyang'ana kuchuluka kwa magalimoto koma kuzunzika kwa odikira. Maloboti amayenerera ngati mzere umodzi uli ndi magalimoto 4 kapena kuposa mwapakatikati kwa ola limodzi, kapena mizere yonse kuphatikiza ifika 6 kwa ola limodzi, kapena mizere yonse ifika 4 pa ola lililonse mwa maola 8 a tsiku wamba.

Kayezedwe kake n'kophweka koma kamafuna mwambo. Masekondi 30 alionse woyeza amakweza maso, n'kulemba magalimoto amene aima pamzere nthawi yomweyo, ngakhale akhale 0. Pa ola zimakwana 120. Amaphatikiza zonse n'kugawa ndi 120. Ambiri amalumpha ma 0 poganiza kuti palibe cholemba, n'kugawa ndi zimene alemba zokha, ndipo nambala imakwera. Anthu amakumbukira mzere wa magalimoto khumi umene anauona kamodzi, koma buku limafunsa za ola lonse.

Tsiku wamba, pa ola lotanganidwa, msewu wa kumbali unapereka 132, kugawa ndi 120 n'kukhala 1.1. Mizere yonse, kuphatikizapo okhotera kumanja kuchoka mu M2 ndi oyenda pansi amene tinawawerenga atatu ngati galimoto imodzi, inafika 2.4. Pali njira yotsimikizira ngati woyeza sananame: mzere wapakatikati kuchulukitsa ndi 3,600 n'kugawa ndi magalimoto a pa ola zimapereka masekondi amene aliyense wadikira. Apa 1.1 kuchulukitsa 3,600 kugawa ndi 128 ndi masekondi 31, ndipo wotchi inagwirizana nazo.

Tsiku lamsika zinasintha. Pakati pa 9 ndi 10 koloko msewu wa kumbali unapereka 516, kutanthauza 4.3, ndipo ndi magalimoto 150 pa ola aliyense anadikira masekondi oposa 100. Pa pepala muyeso unakwana. Wina akhoza kukana ponena kuti tsiku lamsika si tsiku wamba, koma msika umene umabwera sabata iliyonse sungatayidwe chonchi, ndipo anthu amene analemba kalata sananame.

Nkhani inagona pa danga la ndemanga la fomu ija. Pafupifupi nthawi zonse pamene mzere unafika magalimoto asanu, woyeza analemba chimodzimodzi: minibasi yaima pangodya. Zimachitika motere. Minibasi imaima matayala awiri ali pa tala, chitseko chili pululu, woitanira akukokerana katundu ndi mayi wa dengu. Ina imabwera n'kuima pambali pake kuti ilande anthu. Dalaivala wa pikapu amene ali pa STOP sakuonanso kumanja, ndiye amasendeza mphuno pang'onopang'ono mpaka bampala italowa mu leni, kenako amamva hutala ya lole yochokera kumtunda n'kuponda buleki. Mipata inalipo mu M2, koma iye sanathe kuiona.

Izi zinayezedwa. Woyeza anaima mamita 5 kuchokera m'mphepete mwa M2, maso ali pa msinkhu wa dalaivala, pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi. Galimoto yaing'ono imafuna masekondi 7.5 kuti ilowe bwino podula leni, ndipo mtunda wofunika ndi 0.278 kuchulukitsa liwiro kuchulukitsa masekondiwo: mamita 104 pa liwiro la 50, mamita 140 pa 67. Lole ya ngolo imafuna masekondi 11.5, ndiwo mamita 214 pa 67. Pangodya popanda kanthu maso ankafika mamita 150. Maminibasi awiri ataima, mamita 38.

Choncho tinayesa. Kwa masiku awiri amsika, mogwirizana ndi apolisi ndi komiti ya pasiteji, makoni anaikidwa kuti pasaime chilichonse mamita 40 kuchokera pangodya. Mzere unatsika kufika 1.5, mizere yonse pamodzi 2.9. Magalimoto anali omwewo. Mabuku onse awiri amanena kuti njira zina ziyesedwe kaye maloboti asanaganiziridwe, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Loboti ikaonetsa girini pamene minibasi yatseka pakamwa, mzere suyenda.

Ana asukulu

Muyeso wa sukulu m'buku la ku America lija umafuna ana osachepera 20 owoloka pa ola lochuluka, ndiponso kuti mipata yokwanira ikhale yochepa kuposa mphindi za nthawi imene ana akuwoloka. Ana analipo oposa 20 kutali. Mpata wokwanira tinauwerengera pa liwiro la mita imodzi pa sekondi, osati 1.2 ya akuluakulu: masekondi 9 owoloka, kuphatikiza 3 oyang'ana ndi kunyamuka, ndiwo 12. Kuyambira 6:45 mpaka 7:15 mipata yotere inalipo 34 pa mphindi 30. Muyeso sunakwane, koma unatsala pang'ono, ndipo nambala imeneyi ndiyo yodetsa nkhawa m'lipoti lonse. Chinanso, ana ambiri sawolokera pamphambano. Amadula pamene patulukira kanjira kawo, mamita pafupifupi 90 kumtunda, pomwe magalimoto ali pa liwiro lonse. Loboti ya pamphambano singawafikire, ndipo mwana sazungulira mamita 180 kuti akadikire magetsi.

Ngozi

Muyeso wa ngozi m'buku la 2009 umafuna ngozi 5 kapena kuposa pa miyezi 12, za mtundu umene maloboti angathetse, njira zina zitayesedwa n'kulephera, komanso kuchuluka kwa magalimoto kapena oyenda pansi kutafika 80 peresenti ya muyeso wake. Mawu ofunika ndi akuti za mtundu umene angathetse. Maloboti amachepetsa kugundana m'nthiti, pamene wina watuluka kumbali n'kukumana ndi wodutsa. Sachepetsa kugundana kumbuyo, ndipo kawirikawiri amakuwonjezera.

M'kaundula wa apolisi wa zaka zitatu munali ngozi 11. Zinayi zinali za oyenda pansi ogundidwa kutada, kutali ndi mphambano. Zitatu zinali za akabaza opsepsedwa ndi minibasi imene ikunyamuka pasiteji. Ziwiri zinali zogundana kumbuyo, ndipo ziwiri zokha zinali za m'nthiti. Kaundula wa apolisi sakwana, zimenezo n'zodziwika: wakabaza akagwetsa kasitomala amakambirana pomwepo, amapereka ya mankhwala, nkhani yatha. N'chifukwa chake tinafunsanso kuchipatala chaching'ono cha pafupi ndi kwa akomiti a pasiteji. Nambala inakwera, koma mitundu yake sinasinthe. Mdima, liwiro ndi siteji ndizo zikuvulaza anthu pano.

Maloboti akanaikidwa

Tiyerekeze kuzungulira kwa masekondi 60: girini ya 34 ku M2, ya 16 ku msewu wa kumbali, 10 otsalawo a chikasu ndi ofiira mbali zonse. Galimoto ya mu M2, imene pano siima n'komwe, ikanadikira pafupifupi masekondi 6.6 mwapakatikati, ya kumbali 17.4. Pa ola lotanganidwa la tsiku wamba ndiye mphindi 59 kuphatikiza 37, zonse 96, poyerekeza ndi mphindi 66 zimene a kumbali akutaya panopa. Masana ndi usiku kusiyana kukanakula, chifukwa lole ikanaima pa magetsi ofiira kudikira msewu wopanda kanthu. Dalaivala akaima choncho kawiri katatu amaphunzira kudumpha, ndipo wakabaza amaphunzira tsiku loyamba.

Kutsetsereka kuja kukanavutanso. Nthawi ya chikasu imawerengedwa potenga sekondi imodzi yoti dalaivala azindikire, kuphatikiza theka la nthawi yoima ndi buleki ya mamita 3 pa sekondi pa sekondi. Pamalo athyathyathya pa liwiro la 50 zimapereka masekondi 3.3. Pa 67, potsika 4 peresenti, zimapereka 4.6. Ukatchera 3.3 potsata chikwangwani, dalaivala wa pa 67 amapezeka poti kuima sangathe, kudutsa chisanafiire sangathenso. Galimoto ya pa 70 imafuna mamita pafupifupi 105 kuti iime pamalo athyathyathya, ndipo lole yodzaza yopita ku Muloza, pa tala wonyowa, m'mawa wa chiperoni pamene maso safika patali, imafuna oposa pamenepo. Amene ali kumapeto kwa mzere ndi amene amagundidwa.

Palinso kusamalira. Maloboti si mitu ya magetsi yokha. Pali bokosi loyendetsa, zingwe zodutsa m'mapaipi pansi pa tala, mapolo, waya wa ethi, ndipo chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi pamafunika mabatire ndi sola. Mphezi imaotcha bokosi, madzi amalowa m'mapaipi ngati maenje a zingwe sanatsekedwe bwino, mabatire amabedwa, polo ya pangodya imagundidwa ndi ngolo ya lole pokhota. Wokonza amachokera ku Blantyre. Loboti yakufa ndi yoipa kuposa chikwangwani cha STOP, chifukwa wa mu M2 amaganiza kuti msewu ndi wake, wa kumbali amaganiza kuti onse ndi ofanana.

Chigamulo

Maloboti sakuyenerera pakadali pano. Madandaulo onse atatu ndi oona, ndipo ntchito zimene zavomerezedwa ndi izi, motsatana ndi kufulumira kwake.

Siteji ichoke pangodya. Pamangidwe malo opatukira maminibasi mbali zonse ziwiri, mamita osachepera 40 kuchokera pamphambano, kutsogolo kwake osati isanafike, kuti yoima isabise zimene zikubwera. Akabaza apatsidwe malo mkati mwa msewu wa kumbali. Pangodya paikidwe miyala ya kebu yotalika kapena timapolo ta konkire, chifukwa mzere wachikasu wokha umalemekezedwa pokhapo wapolisi alipo. Izi zikambidwe ndi akomiti a pasiteji ndi amsika kuyambira pachiyambi. Siteji ikaikidwa kutali ndi pamene anthu amatulukira mumsika, imabwerera yokha pasanathe sabata.

Liwiro litsitsidwe kumtunda ndi timizere togwedeza galimoto, kenako mahampu aatali osalala, opentedwa, okhala ndi chikwangwani patsogolo. Hampu yaifupi yosongoka imathyola masipuling'i ndipo madalaivala amailambalala m'mphepete, momwe muli oyenda pansi. Pomanga asatseke njira ya madzi, apo ayi hampu imasanduka damu ndipo tala amabooka nyengo imodzi ya mvula.

Powolokera ana pakhale pomwe amawolokera kale, pokwezedwa, pali kachilumba ka mamita awiri pakati. Msewu uyenera kukulitsidwa pang'ono pamenepo. Ndi kachilumbako mwana amadula mamita 4.5 n'kupuma, akuyang'ana mbali imodzi yokha, ndipo mpata umene akufuna umatsika kuchoka pa masekondi 12 kufika pa 7 kapena 8. Magetsi a sola ounikira aikidwe powolokerapo ndi pasiteji, mabatire ali pamwamba pa polo. STOP ndi mzere wake zipentedwenso.

Raundabauti inaganiziridwa. Imatsitsa malo amene magalimoto angawombanirane kuchoka pa 9 kufika pa 6, imakakamiza aliyense kuchepetsa liwiro, ndipo siifuna magetsi. Koma kuti lole ya ngolo izungulire pamafunika bwalo la mamita 35 mpaka 45, kutanthauza kugwetsa mashopu ndi kulipira chipukuta misozi. Yasungidwa ngati njira yotsatira, patsogolo pa maloboti.

Kuwerenga kubwerezedwe pakatha miyezi 12 ntchitozi zitatha, mwezi womwewo, ndi mafomu omwewo. Nkhani idzatsegulidwanso ngati mzere wa kumbali ufika 4 pangodya pali poyera, ngati mipata ya ana itsika kuposa mphindi zowolokera, kapena ngati ngozi za m'nthiti zifika 5 pa chaka. Wodzawerenga akumbukire kuti mahampu akatsitsa liwiro pansi pa 64, manambala otsitsidwa aja adzagwira pokhapokha malowa ali ndi anthu osakwana 10,000, apo ayi abwerere ku 500 ndi 150. Pomanga powolokera ndi pokulitsa msewu, kontilakitala aikiretu mapaipi awiri opanda kanthu pansi pa nthambi iliyonse, otsekedwa kumapeto ndi kulembedwa pa mapu a ntchito, kuti zingwe zikadzafunika tala asadulidwenso.